Amisiri Otulutsa Sitima M'madzi

Dalaivala wa thiraki amene wamva kugogoda pansi pa galimoto yake akuchokera ku Chipata sasowa chochita. Akangodutsa pa boda ya Mwami n'kufika pa Boma la Mchinji, amafunsa galaja yokhala ndi dzenje, n'kuimika thirakiyo pamwamba pake, makaniko n'kutsikiramo ndi tochi. Ola lisanathe wadziwa ngati ndi shafuti kapena masipuling'i. Kaputeni wa sitima yapamadzi alibe mwayi umenewu. Mbali ya chombo chake imene miyoyo ya okwera onse yatsamirapo imakhala pansi pa madzi usana ndi usiku, ndipo kuti munthu aione ndi maso, aigogode ndi hamala, aipale dzimbiri ndi kuipaka penti, chombo chonsecho ndi matani ake mazanamazana chiyenera kutuluka m'madzi n'kukhala pouma.

Kwa ife a kuno kumalire, nyanja ndi nkhani ya usipa wouma wa pamsika ndi maulendo a ana asukulu. Komatu tinalumikizana nayo kuposa mmene timaganizira. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a Mchinji mommuno n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Njanji imene inafika kuno mu 1980, n'kupitirira mpaka ku Chipata mu 2010, ukaitsata cha kummawa imakudutsitsa ku Lilongwe ndi ku Salima mpaka pa Chipoka, pamene sitima yapamtunda imakumana ndi yapamadzi. Pamenepo thumba la chimanga lingathe kutsika m'bogi n'kukwera chombo cha ku Nkhata Bay kapena ku Chilumba. Chombo chimenecho chimayenda chifukwa cha kagulu ka amisiri a ku Monkey Bay, ku Lusumbwe, omwe ntchito yawo wokwera saiona ngakhale pang'ono, chifukwa ikangotha imamira.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo malo ena kuya kwake kumafika mamita 700, koma ilibe khomo lotulukira sitima. Shire, mtsinje wokhawo wotulukamo, uli ndi mathithi kuyambira cha ku Matope mpaka ku Kapichira. Sitima ya ku Beira ikavuta ikhoza kukokedwa kupita ku Durban, kumene kuli doko louma la mamita oposa 350 lomwe linatsegulidwa mu 1925. Ya pa nyanja yathu ilibe kolowera. Inabadwira pompa, idzadwalira pompa, ndipo sing'anga wake ayenera kukhala pompa.

N'chifukwa chake sitima zikuluzikulu za kuno zinabwera zili zidutswazidutswa. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875 itasenzedwa ndi anthu mazanamazana kulambalala mathithi aja. Chauncy Maples, ya mishoni ya UMCA, inamangidwa ndi kampani ya Alley & McLellan ku Glasgow n'kuphwasulidwa kukhala zidutswa 3,481. Chidutswa chilichonse chinadindidwa nambala kuti olumikiza asavutike, koma zitsulozo zinakakutidwa ndi zinki manambala atadindidwa kale, ndipo zinkiyo inawakwirira. Amene anazilandira kuno anachita kuyesa chidutswa ndi chidutswa, bowo ndi bowo, kwa zaka ziwiri, mpaka sitimayo inayandama pa 6 Juni 1901. Ilala imene tikuidziwa lero, yaitali mamita 52, inamangidwa ndi Yarrow ku Scotstoun, ku Glasgow komweko, mu 1949. Inaphwasulidwa, kudzera ku Beira ndi pa njanji mpaka kunyanja, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Mtendere ya mu 1980 inachokera ku Germany, nayonso ili zidutswa. Pa nyanja ino kumanga sitima ndi kuikonza sizinasiyane kwenikweni. Bwalo limene linalumikiza ndi lomwe limamasula.

Njira yakale kwambiri yotulutsira chombo m'madzi aliyense wa kugombe amaidziwa. Asodzi amayala mitengo pamchenga, kukoka bwato kapena boti lamatabwa, kulitembenuza, kumata ming'alu ndi phula n'kukhomapo kachidutswa ka lata. Ku nyanja zamchere amathandizidwa ndi madzi eniake, amene amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku: umakocheza chombo pamchenga madzi atadzaza, pakapita maola 6 chili pouma. Nyanja yathu ilibe khalidwe limenelo. Imakwera ndi mvula n'kutsika m'chilimwe, pafupifupi mita imodzi pa chaka chonse, pang'onopang'ono moti palibe mmisiri angakhale pansi kuidikira. Kuno chachikulu chilichonse chimatuluka m'madzi ndi mphamvu ya winchi kapena ya pampu.

Maiko olemera amakumba doko louma: chidzenje cha makoma a miyala kapena konkire, chokhala ndi chitseko cha kunyanja. Sitima imalowa, chitseko n'kutsekedwa, madzi n'kupopedwa mpaka pansi pauma. Mlembi wa ku China, Shen Kuo, analongosola za lotere mu 1088, ndipo la ku Portsmouth ku England linamangidwa mu 1495 molamulidwa ndi mfumu Henry VII. Ndi lolimba, limatha zaka mazana, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Yotsikirako ndi silipuweyi: njanji zotsetserekera m'madzi, chingolo chachitsulo choyenda panjanjipo, ndi winchi kumtunda. Thomas Morton wa ku Leith ku Scotland anaipanga m'maonekedwe amenewa cha m'ma 1818 chifukwa analibe ndalama zokumbira doko.

Sitima ikakhala pa silipuweyi yathedwa mphamvu zonse, ndipo mbiri ya nyanja yathu ili ndi umboni wake. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangobuka ku Ulaya, Guendolen ya Angerezi, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapita kukasaka Hermann von Wissmann ya Ajeremani. Inaipeza ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, itakwezedwa pamtunda kuti ikonzedwe. Sikanatha kuthawa kapena kutembenuka. Inawomberedwa ili chikhalire. Kaputeni wake, Berndt, yemwe anali bwenzi la Rhoades, anali asanamve n'komwe kuti kunja kuli nkhondo, ndipo anapalasa kaboti kudzakalipa. Mfuti ya Guendolen ikadalipo pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Nkhaniyi imakambidwa moseka, koma sitima yokhala pouma ili ndi mdani wina woopsa kuposa mfuti, ndiye kulemera kwake komwe.

Sitima inamangidwa kuti izinyamulidwa ndi madzi, ndipo madzi amanyamula mofatsa. Amagwira paliponse nthawi imodzi, kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo, osasiya malo. N'chifukwa chake mapuleti a pansi pa sitima ya msinkhu wa Ilala ndi opyapyala modabwitsa, osakwana n'komwe masentimita 2. Ukachotsa madziwo, kulemera konse kumatsikira pa timalo tochepa. Tinene kuti sitima ikulemera matani 500 ndipo yakhala pa zipika 40: chilichonse chasenza matani 12 ndi theka. Chimodzi chikatalikirapo kuposa zinzake, chimalandira katundu wa zinzakezo n'kupinda msana wa sitima. Chikagwera pakati pa nthiti ziwiri, pamene pali puleti lokhalokha lopanda cholichirikiza m'kati, chimalifinya n'kusiya chibowo kapena chikhutu. Sitima imene yapirira mwera zaka makumi angapo ikhoza kuvulala m'mawa umodzi, nyanja ili bata, m'manja mwa anthu ofuna kuithandiza.

Ku Monkey Bay, kuwonjezera pa silipuweyi, luso limene limandigometsa ndi la doko loyandama. Ndi chibokosi chachitsulo chophwatalala, chokhala ndi makoma awiri aatali m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo kuli pululu. M'kati mwake monse ndi matanki. Ukatsegula mavavu madzi amalowa, doko limamira mpaka kungotsala nsonga za makoma, sitima imalowa pakati, ndipo mapampu akayamba kutulutsa madzi dokolo limadzuka litanyamula sitimayo. Masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi ya madzi a nyanja yathu ndi kilogalamu imodzi, choncho kuti ukweze matani 500 uyenera kupopa malita 500,000, kuwonjezapo okweza doko lenilenilo. Ubwino wake pa nyanja ngati ino ndi wakuti limakwera ndi kutsika limodzi ndi madzi. Nyanja inadzaza koopsa mu 1980, inaphwa kwambiri mu 1997, inasefukiranso mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Chomangidwa pamtunda chimavutika ndi kusintha kotere, koma choyandama chimangofuna kuti pansi pake pakhale pozama.

Ntchito yeniyeni imachitika sitima isanafike, doko lili pamwamba, louma, lopanda kanthu. Sitima iliyonse ili ndi pulani yake ya pa doko, chojambula chosonyeza msana wake, nthiti zake, makoma ogawa zipinda za m'kati, mabowo olowera madzi oziziritsa injini, ndi pamene pali mapulopela ndi tsigiro, chiwongolero cha pansi pa madzi chija. Kapitawo wa doko amasamutsa pulaniyo kuchoka papepala kuiika pa chitsulo cha doko ndi tepi, choko ndi chingwe. Pa mzere wapakati amandandalika zipika za msana. Chipika chabwino chimakhala ndi tsinde lachitsulo kapena lakonkire, pamwamba pake mtengo wolimba, ndipo pamwamba penipeni thabwa lofewa loti lifinyike pang'ono n'kutenga maonekedwe a chitsulo chimene chidzakhalepo. M'mbali amaika zipika zochirikiza, ndipo apa ndi pamene kalipentala amaonetsa kuti ndi kalipentala. Mimba ya sitima siyofanana paliponse: pakati ndi yophwatalala, chakutsogolo ndi chakumbuyo imapindikira m'mwamba, ndiye chipika chilichonse chimasemedwa mopendekeka mwakemwake molingana ndi nthiti imene chidzaitsamire. Amayeza ndi levulo, amakoka waya kuchokera pa chipika choyamba mpaka chomaliza, amasuzumira, amasenda pang'ono apa, amawonjezera kathabwa apo. Pomaliza amazimangirira zonse ndi zitsulo, chifukwa mtengo ndi mtengo, ukangomira umafuna kuyandama.

Zonsezi akukonzera mkumano umene sadzauona. Doko likamira, zipikazo zapita pansi pa madzi, ndipo maso ake adzazionanso sitima itakhalapo kale, nthawi yokonza cholakwika itadutsa. Amisiri ambiri amagwira ntchito akuona chimene manja awo akuchita, n'kumawongola pamene akhota. Uyu amayenera kulondola zonse pasadakhale, kenako n'kukhulupirira tepi yake.

Nayo sitima imakonzekera. Katundu amatsitsidwa. Matanki a mafuta ndi a madzi amafunika akhale odzaza kapena opanda kanthu, chifukwa m'tanki ya theka madzi amathamangira kumbali imene sitima yapendekera n'kuwonjezera kupendekako. Iyenera kuima mowongoka, osapendekera kumanja kapena kumanzere, koma kumbuyo kuzameko pang'ono kuposa kutsogolo. Injiniya amalemba zonse m'buku: tanki yakuti muli malita akuti, manambala a kuzama kutsogolo akuwerenga mwakuti, kumbuyo mwakuti. Tsiku nalo limasankhidwa. Monkey Bay inazingidwa ndi mapiri, komabe nyengo ya mwera palibe amene amafuna kulowetsa chombo pakati pa makoma awiri achitsulo mphepo ikuchikankha cha m'mbali.

Pofika pakhomo la doko injini zimakhala chete, zingwe n'kutenga ulamuliro. Anthu amaima pamwamba pa makoma onse awiri, ena akukoka, ena akumasula. Kutsogolo ndi kumbuyo kumakhala waya wopingasa wokhala ndi chizindikiro pakati penipeni, ndi chingwe cholendewera chokhala ndi kachitsulo kunsonga, kuti mphuno ya sitima ndi kumbuyo kwake zilunjike pa mzere wa zipika zosaonekazo. M'mbali amayeza mpata wa pakati pa sitima ndi khoma, uku ndi uku, mpaka manambala afanane. Woyankhula amakhala mmodzi. Ngakhale kaputeni, mwini chombo pa nyanja, pano amamvera kapitawo wa doko.

Mapampu amayamba. Kwa kanthawi palibe chooneka, kungoti makoma a doko akunka natalika. Kenako chipika chomaliza chakumbuyo chimakhudza msana, ndipo kuyambira pamenepo mpaka msana wonse utakhala ndiyo nthawi yoopsa pa ntchito yonseyi. Madzi ayamba kuchepa mphamvu yonyamula, ndipo gawo la kulemera latsikira pa chipika chimodzi kapena ziwiri zimene zikukankha pansi penipeni pa sitima. Chombo chokankhidwa kuchokera pansi penipeni chimayamba kulemera kumutu. Mphamvu imene chimakhala nayo pa nyanja, yodziwongola chokha chikapendekeka, imanka nichepa mphindi iliyonse, pamene zochirikiza za m'mbali zisanagwire. Chinsinsi cha kuzamitsa kumbuyo pang'ono chabe chagona apa. Kukazama kwambiri, mphuno imachedwa kukhala, chipika chakumbuyo chimasenza katundu woposa msinkhu wake, ndipo sitima ikhoza kugwera kumbali isanapeze potsamira. Kukapanda kuzama n'komwe, sudziwa kuti kuyamba kukhudza ndi kuti, ndipo ulibe malo amodzi okhazikika oti uwongolere pamenepo mbali yotsalayo. Kapitawo wodziwa ntchito amachepetsa mapampu, mwina kuwaimitsa kumene, n'kutumiza wosambira pansi kuti akapapase ndi manja ngati msana wakhala pakati pa zipika. Madzi a nyanja yathu ndi oyera, koma kunsi kwa sitima kumakhala mdima ndithu.

Doko nalo lili ndi nthawi yake yoopsa, pakuti nalonso ndi chombo. Pamene msana wa sitima watuluka m'madzi koma pansi pa doko pakadali pomira, chimene chikuletsa zonse ziwiri kugudubuzika ndi makoma awiri aja basi. Komanso matanki sapopedwa mofanana. Kunsi kwa chipinda cha injini, pamene sitima ikulemera kwambiri, amapopa kwambiri. Kunsonga kumene kulibe katundu amasiyamo madzi dala, apo ayi doko limapindika pakati, sitima n'kupindika nalo limodzi. Munthu wa pa mavavu amaimba ng'oma zingapo nthawi imodzi, diso lina pa geji, lina pa kupendekeka. Mu Okutobala 2018 doko loyandama la PD-50, limodzi mwa akuluakulu pa dziko lonse, linamira pafupi ndi Murmansk ku Russia pamene ankatulutsamo sitima yankhondo ya Admiral Kuznetsov, ndipo malipoti anati magetsi a mapampu ndiwo anazima. Ife a dziko la magetsi ozimazima sitifunika kutilongosolera chifukwa chimene jenereta iyenera kukhala ikulira tsiku limenelo.

Madzi akangochoka amayamba kutsuka, ndere zisanaume n'kukakamira. Apa nyanja yopanda mchere imatichitira chifundo. Kulibe tinkhono tolimba tija timene timamera pansi pa sitima za ku Beira, ndipo dzimbiri limadya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake nyanja za kuno zimasunga nkhalamba zimene kwina zikanagulitsidwa kalekale kwa ogula zitsulo zakutha. Chauncy Maples inayandama zaka zoposa 100. Liemba ya pa nyanja ya Tanganyika inamizidwa dala ndi Ajeremani mu 1916, inavuulidwa mu 1924, ndipo mu 1927 inali ikunyamulanso anthu. Koma chifundo chimenechi chimapusitsa. Sitima ya madzi opanda mchere kawirikawiri imadyeka kuchokera m'kati, m'ngalande za kunsi kwa injini ndi m'matanki momwe madzi akuda amagona, komanso pa mzere umene mafunde amanyowetsa n'kuumitsa tsiku lonse. Palinso zipsera za miyala. Malo ambiri amene Ilala imaima alibe jeti. Imaponya nangula chapafupi, maboti ake awiri n'kumatuta anthu ndi katundu, ndipo m'zaka zonsezi yakhudzapo pansi kangapo.

Woyeza amayenda kunsi kwa sitima atawerama, hamala yaying'ono dzanja ili, choko dzanja ilo. Chitsulo chathanzi chimalira ngwee. Chodyeka chimayankha mogontha. Lero kuli kachipangizo ka ultrasound koyeza kukhuthala kwa chitsulo popanda kubowola, ndipo nambala imalembedwa ndi choko pa puleti lililonse. Kale ankabowola kabowo, kuyeza, n'kutsekanso. Komabe hamala sinatayidwe, ndipo ine ndikuona kuti siyenera kutayidwa. Kachipangizo kamakuuza za kadontho kamene wakagunditsa pokha, pamene khutu lozolowera limasesa puleti lonse m'kamphindi n'kukuuza pamene uyenera kukagunditsa. Chitsulo chikadyeka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kukhuthala kwake koyamba, choko chimajambula mzere wochizungulira, ndipo chaweruzidwa.

Kudula sikuyamba msanga. Poyamba amaona chimene chili kuseri: ngati ndi tanki ya mafuta, itsukidwe ndi kupitidwa mphepo mpaka mpweya woyaka utheretu, ndipo wina akhale m'katimo ndi chozimira moto nthawi yonse imene mnzake akudula kunja. Ngodya za chigamba amazizunguliza, chifukwa mng'alu umayambira pa ngodya yakuthwa. Puleti latsopano limapindidwa motsatira chikombole cha timatabwa chimene kalipentala watenga pa malo enieniwo. Kenako wowotcherera amalowa pansi, nkhope kumwamba, chitsulo chosungunuka chikufuna kumugwera, n'kumachikakamiza kuti chikhale pamene sichifuna kukhala. Sawotcherera kuyambira ngodya iyi kuzungulira mpaka kubwerera, chifukwa kutentha kumakoka chitsulo ndipo puleti lingakhote. Amadumphadumpha, pang'ono uku, pang'ono kutsidya, kuti kukokako kugawikane. Akamaliza kunja amalowa m'kati, kupala mzere mpaka pa chitsulo choyera, n'kuwotchereranso. Mayeso ena akale ndi osavuta koma sanama: kunja amapaka choko chosungunula, m'kati palafini, n'kudikira. Palafini amalowa pamene madzi amachita kuchedwa, ndipo pakakhala kabowo ngakhale kosaoneka ndi maso, pa choko choyeracho pamatuluka banga. Pa sitima zakale zolumikizidwa ndi mariveti pali msampha winanso: kutentha kwa kuwotcherera kumamasula mariveti oyandikana, moti ukatseka pano pamayamba kuchucha apo.

Kumbuyo kuli ntchito ya mamilimita. Shafuti yozunguza pulopela imatulukira m'chubu, ndipo amayeza kuti yatsika motani chifukwa cha kudyeka kwa pogonera pake. Ikapitirira malire, imasololedwa yonse. Pa nyanja ya asodzi ngati ino mdani wamkulu ndi nsinga za maukonde, zimene zimakulungika pa shafuti n'kumacheka pang'onopang'ono zotchinga madzi. Tsigiro amaligwedeza kuti amve ngati layamba kuseweraseweretsa. Mavavu onse olowetsa madzi a m'nyanja amamasulidwa, kunoledwa ndi kubwezeredwa, pakuti sitima ili pamadzi sungayerekeze n'komwe kuwatsegula. Pali timibulu tina tachitsulo timene amamatika kunja kuti dzimbiri lizidya ito m'malo mwa sitima. Ku nyanja zamchere timakhala ta zinki, koma m'madzi opanda mchere zinki imachita chikhungu n'kusiya kugwira ntchito, ndiye woyenera ndi magineziyamu. Wogula zipangizo akangotengera za ku Durban osaganiza, timibuluto tidzapezeka tatsopano pa ulendo wotsatira, chitsulo cha sitima chili chodyeka.

Penti amabwera pomaliza ndipo sakakamizika. Sagwira pa dzimbiri, sagwira pa mame, ndipo wachiwiri sapakidwa woyamba asanaume.

Masiku onsewa kuli anthu amene akuwerenga. Kwa zaka zambiri Ilala yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Chilumba n'kubwerera Lachitatu, ndipo kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe ulendo umenewu ndiwo msewu, msika ndi njira ya kuchipatala chachikulu. Ikakhala pa doko, ufa ndi sopo zimakwera mtengo, ndipo anthu amayamba kudzazana m'timaboti. Madandaulo awo ndi omveka. Koma ine ndikuti olakwa si wowotcherera. Chosowa ndi sitima yachiwiri yodalirika yolowa m'malo, ndipo mkwiyo uzipita kumeneko. Malamulo a sitima za pa nyanja zikuluzikulu amati pansi pa sitima payenera kuyezedwa kawiri m'zaka 5, osadutsa miyezi 36 pakati pake, ndipo yonyamula anthu chaka ndi chaka. Kwathu kuno chiphaso chimachokera ku nthambi ya boma yoona za maulendo apamadzi, potsatira lamulo la Inland Waters Shipping Act. Eni zombo asinthasintha, monga Nyasaland Railways, Malawi Railways, Malawi Lake Services ndi Malawi Shipping Company ya Mota-Engil imene inatenga ntchitoyi mu 2010, koma chitsulo sichiwerenga zikwangwani. Ndipo nyanjayi si yoseweretsa. Pa 30 Julayi 1946 Vipya, sitima yatsopano, inagudubuzika ndi namondwe kumpoto, cha kufupi ndi Chilumba, n'kupha anthu 145. Chikumbutso chake chili pafupi ndi mfuti ija ku Mangochi, ndipo Ilala inabwera kudzalowa m'malo mwake. Vipya sinaphedwe ndi dzimbiri. Inalephera kudziwongola itapendekeka, nkhani yomwe ija imene kapitawo amaida nkhawa chipika choyamba chikakhudza.

Chodetsa nkhawa china ndi chakuti luso limeneli lilibe poyeserera. Sukulu ya Marine Training College ili ku Monkey Bay komweko ndipo masamu a kuyandama amaphunzitsika m'kalasi, koma zombo zikuluzikulu pa nyanjayi n'zowerengeka, moti wachinyamata akhoza kutha zaka ataona kukweza sitima kochepa chabe. Kusema chipika, kumva hamala, kudziwa nthawi yoimitsa pampu, zimenezi zimapatsirana munthu ataima pambali pa wamkulu wake.

Kubwezera sitima m'madzi kumayamba ndi kuwerenga. Pansi pa matanki pali zotsekera zimene zimamasulidwa kuti madzi otsalira atuluke. Chilichonse chimalembedwa dzina la tanki yake n'kusungidwa ndi munthu mmodzi, ndipo pobwezera pamakhala mboni. Buku la injiniya lija limatsegulidwanso kuti tanki iliyonse ikhale mmene inalili polowa, ndipo chitsulo chatsopano chilichonse, injini yosunthidwa kapena katundu wolowetsedwa ziwerengeredwe, chifukwa sitima imene yasintha kulemera imadzuka pa zipika mopendekeka. Mavavu a doko amatsegulidwa, madzi amakwera mpaka kuphimba mabowo onse a pansi, ndiye amatsekanso sitima isanayandame. Anthu amalowa m'kati ndi matochi, chipinda ndi chipinda, kupapasa vavu iliyonse, chubu cha shafuti ndi chigamba chilichonse chatsopano. Pakapezeka podontha, mapampu amabwezera doko m'mwamba sitima ikadali pa zipika zake. Onse akanena kuti kuli gwa, m'pamene doko limamira kotheratu, mphuno n'kuyamba kunyamuka, kumbuyo pambuyo.

Pamatsala timalo tina tosatsukidwa ndi tosapakidwa penti, ndito tija tinali pamwamba pa zipika. Kapitawo amalemba mu lipoti kuti ulendo uno chipika choyamba chinali pa nthiti yakuti, pamodzi ndi manambala onse a choko aja, ndipo ulendo wotsatira mzere wonse wa zipika udzasunthidwa pang'ono kuti timalo timeneti tidzaonekere, tipalidwe ndi kupakidwa.